Mabwinja a Migodi ya ku Moatize

Madzi ambiri a mvula imene imagwa kuno ku Angónia amatsikira mu mtsinje wa Revúbuè. Mtsinjewu umacokera ku mapiri athu ozizira, nukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Usanafike ku Zambezi umalandira kamtsinje kena, dzina lake Moatize. M'mbali mwa kamtsinje kameneka muli mwala wakuda umene umayaka moto. Mwalawo ndiwo malasha. Tisasokoneze ndi makala. Makala timaocha tokha ndi mitengo, koma malasha amakumbidwa pansi.

Munthu wocokera ku Kalomwe amadzera ku Ulongwe, nakalowa msewu wa ku Zóbuè pa Mussacama. Kuyambira pamenepo ulendo ndi wotsika basi. Minda ya kacewere ndi cimanga imatsala m'mbuyo. M'malo mwake mumaoneka milambe, minga ndi miyala. M'mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ife ozolowera cisanu ca Juni timati tafika m'cipululu, ndipo Anyungwe eni dzikolo amangotiseka.

Ku Moatize kuli mabwinja a migodi yakale. Anthu ambiri amayesa kuti mgodi umasiyidwa malasha akatha, monga timasiyira munda ukaguga. Ku Moatize sizidatero ai. Malasha akadalipo ambiri pansi mpaka lero. Nanga cidapha migodi imeneyi nciyani? Tiyeni tiyambire kutali.

Zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo dziko loumali lidali la madambo ndi nkhalango. Mitengo ndi masamba zinkagwera m'madzi osayenda, osaola bwino. Matope ndi mcenga zidakwirira zonsezo, ndi kuzipanikiza kwa nthawi yaitali, kufikira zidasanduka mwala wakuda. Ncifukwa cake malasha amagona pansi m'mizere, mzere wina pamwamba pa unzake. Mzere uliwonse adaupatsa dzina. Waukulu koposa ndi wa Chipanga, ndipo malo ena kucindikala kwake kumafika mamita 30. Ena mwa malasha ake ndi a mtundu umene amasungunulira citsulo m'mafakitale, ndipo amenewo ndiwo a mtengo wapatali.

David Livingstone adafika ku Tete m'caka ca 1856, ndipo adaona mizere ya malasha m'magombe a timitsinje ta kumeneko. Atabweranso mu 1858 adatenga mnyamata wina wodziwa za miyala, Richard Thornton, kuti adzaone bwino. Livingstone adali ndi sitima yapamadzi, Ma Robert, imene inkadya nkhuni zosaneneka, kotero malasha adawafunitsitsa. Thornton adakumba, malasha adaoneka. Koma padapita zaka zoposa 60 popanda mgodi weniweni.

Cifukwa cake sicovuta kumva kwa mlimi wa kuno. Mukakolola matumba 100 a kacewere koma galimoto osafika kumunda, muli ndi cuma kapena muli ndi zoola? Malasha saola, koma ndi katundu wolemera. Mtanga umodzi sugula kanthu. Phindu lake limaoneka ukanyamula woculuka kwambiri, tsiku ndi tsiku, kukafika kunyanja kumene kuli ogula. Ndipo kucokera ku Moatize kufika ku doko la Beira ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 575.

M'zaka za m'ma 1920 kampani ina ya ndalama za ku Belgium idayamba kukumba. Idakumba pang'ono pokha, pakuti njira idali ya pa Zambezi, mtsinje umene m'cilimwe umaphwa ndi kudzaza mcenga. Zinthu zidasintha ndi njanji. Mu 1935 udatsegulidwa mlatho wa Dona Ana, pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika makilomita oposa 3 ndi theka. Mu 1948 migodi idalowa m'manja mwa Companhia Carbonífera de Moçambique. Mu 1949 njanji yocokera ku Dona Ana idafika pa Moatize. Taonani mmene zakazi zayandikirana. Njanji itafika, mgodi udadzuka.

Masiku amenewo adali a msonkho ndi cibalo. Lamulo la atsamunda linkati mwamuna aliyense azigwira nchito ya malipiro miyezi 6 pa caka, ndipo wosasonyeza kuti watero asipayo ankamugwira. Amuna a cigawo ca Tete adabalalika. Ena adatengedwa ku minda ya nzimbe ya Sena Sugar, ena adathawira ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia, ena adalowa pansi ku Moatize. Otsika pansi adali anthu akuda. Olamula nchito adali azungu.

Migodiyo idali ndi manambala: Chipanga 3, Chipanga 6, ndi ina yotero. Pansipo ankakumba njira zopingasana, nasiya nsanamira zazikulu za malasha omwewo kuti zigwire denga. Cotero malasha ambiri ankatsala pomwepo, pakuti wocotsa nsanamira adziitanira phiri pamutu. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1970 migodi ya Moatize inkatulutsa matani oposa 500,000 pa caka.

Koma m'malasha mumakhala mdani wosaoneka. Ndi mpweya wina umene Apwitikizi amati grisu. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Ndi wopepuka, ndiye umasonkhana kudenga kwa njira za pansizo. Ukasakanikirana ndi mpweya wabwino, magawo 5 mpaka 15 pa 100, kamoto kakang'ono kokha kakwanira. Nkhwangwa yacitsulo ikathetheka pa mwala, kapena waya wa magetsi akapsa, zonse zimaphulika. Kuphulikako kumautsa fumbi la malasha, fumbilo nalonso limagwira moto, ndipo moto umathamanga m'njira zonse. Otsala ndi moyo amaphedwa ndi utsi. Ncifukwa cake mgodi wa pansi umafuna makina opemerera mphepo usana ndi usiku, ndi anthu oyesa mpweya asanalowe anzao.

M'mwezi wa Seputembala 1976, caka cimodzi dziko litalandira ufulu, mgodi wa Chipanga 6 udaphulika. Adafa anthu pafupifupi 100. Maliro asanaiwalike, pa 2 Ogasiti 1977, Chipanga 3 nayenso adaphulika, napha anthu oposa 60. Tsiku limenelo mkwiyo udasefukira. Khamu la anthu lidaukira akuluakulu a mgodi ocokera kunja, ndi kupha 9 mwa iwo, Apwitikizi 7 ndi a ku Belgium 2. Nkhani imeneyi siikambidwa kawirikawiri, koma idacitika, ndipo ndi gawo la mbiri yathu. Ine ndiona kuti sitingawerenge maliro ena ndi kulumpha ena. Amasiye adatsala mbali zonse ziwiri, ngakhale a m'makomboni a anchito adali oculuka koposa.

Zitatero boma lidatenga migodi, ndipo mu 1978 lidakhazikitsa kampani yake, Carbomoc. Akatswiri adabwera kucokera ku East Germany kudzathandiza. Malasha adayambanso kutuluka bwino. Ngozi ziwiri zoopsazo sizidatseke Moatize.

Cidatseka Moatize ndi nkhondo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 njanji ya ku Beira idayamba kuonongedwa, masitima kuomberedwa, mpaka idaleka kuyenda. Mu 1986 mlatho wa Dona Ana udaphulitsidwa. Ndi zaka zomwe zija anthu a kuno adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, kusiya nkhokwe ndi ng'ombe. Ku Moatize malasha adaunjikana panja, wonyamula palibe. Magalimoto ankatengako pang'ono, koma galimoto silingalowe m'malo mwa sitima. Mgodi wa pansi suli ngati nyumba yoti utseke citseko, ucoke, udzabwere caka camawa. Makina opopa akaima, madzi amadzaza. Makina a mphepo akaima, mpweya woipa uja umabwerera. Migodi idatsekedwa umodziumodzi. Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, koma njanji idagonabe m'thengo zaka zina zambiri. Mlatho wa Dona Ana atayamba kuukonza, poyamba unkaolotsa magalimoto m'malo mwa sitima.

Zotsala za nthawi imeneyo tidakaziona pa ulendo wa banja lathu, pokaceza kwa azakhali okwatiwa ku Moatize. Tidali ine, amai, ndi ana awiri a alongo anga. Amuna ao a azakhali, munthu wamkulu wa imvi, adati atiperekeze m'mamawa dzuwa lisanakule. Malo ambiri akale sitidafikeko, pakuti tsopano ali m'kati mwa mpanda wa mgodi watsopano. Kumene tidafika tidapeza makoma a njerwa opanda denga, maziko a simenti pamene padakhala makina, ndi zitsulo zodyeka ndi dzimbiri zimene ogula zitsulo zakutha adazilephera kuzula. Tidapezanso milu ya miyala yakuda yotayidwa. Pa milupo sipamera udzu wabwino, ndipo pofika 9 koloko idali itatentha moti ana sankatha kupondapo ndi mapazi okha. Mbuzi zidagona mumthunzi wa khoma lina.

Mphwanga wamng'ono adatola mwala wophwatalala, naumenya pa unzake. Udang'ambika pakati ngati buku.

"Amalume, taonani tsamba!" adafuula.

Lidalidi tsamba, lalitali ngati lilime, mitsempha yake yooneka bwinobwino, koma lonse la mwala. Anzeru za miyala amalicha Glossopteris, ndilo dzina lacigiriki locokera ku mau otanthauza lilime. Ndi tsamba la mitengo ija idasanduka malasha. Mwanayo adafunsa ngati lidagwa nthawi ya agogo. Amai adaseka mpaka kukhala pansi.

Pambuyo pake anawo adaona dzenje m'mbali mwa citunda, nayamba kuthamangirako. Mkulu uja adakuwa ndi mau amene sindidawamvepo ciyambire.

"Bwererani, ana inu! M'menemo simulowa munthu."

"Bwanji, agogo? Tingosuzumira."

"Mpweya wa m'menemo sununkha. Ungoona miyendo yafooka. Wobwera kudzakutenga nayenso agwa pomwepo."

Adanena zoona, ndipo mau amenewa awamve aliyense wopita ku malo otere. M'dzenje lakale la mgodi mumakhala mpweya wosapumika, madzi akuya obisika, ndi denga logwidwa ndi mitengo yofumbwa. Nthaka ya pamwamba pake nayonso ikhoza kutitimira. Macesi ndi fodya ndiye zoletsedwa kotheratu.

Cimene cidandikhudza ine ndi ici. Pa zitsulo zina padali zilembo ndi manambala a mafakitale amene adazipanga, zowerengeka ndithu patapita zaka zonsezi. Koma pa malo onse amene tidayenda sindidaone dzina la munthu mmodzi wokumba. Maina ali m'mitu ya okalamba. Mkulu uja adachula angapo tili pansi pa mlambe, aliyense ndi mudzi wa kwao, ndipo midzi ina idali ya kumtunda kuno.

Moatize adadzukanso, ndipo cidamudzutsa ndi cimodzimodzi ca 1949. Mu 2004 kampani ya ku Brazil, Vale, idapambana mpikisano wotenga malasha a kumeneko. Njanji ya ku Beira idakonzedwa, mlatho wa Dona Ana udabwerera kwa sitima, ndipo mu 2011 malasha adayambanso kupita kunyanja. Makumbidwe ndiwo adasintha. M'malo motsika pansi, makina aakulu amacotsa dothi lonse la pamwamba ndi kukokolola mzere wonse wa Chipanga, nsanamira zosafunikanso. Dzenje lake ndi lalikulu kuposa midzi ingapo. Ngozi ya mpweya wa pansi idacepa, koma dzenje lotere limadya malo, ndipo fumbi lake limagwera pa madenga ndi pa ufa woyanika.

Pa malowo padali anthu. Mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 adasamutsidwa, ena a m'mudzi wa Chipanga womwewo. Oposa 700 adapita ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kucokera ku Moatize. Ena adapatsidwa nyumba m'dera la 25 de Setembro m'tauni. A ku Cateme adadandaula kuti nyumba zidacita ming'alu zikadali zatsopano, minda idali yamiyala ndi yocepa kuposa imene adalonjezedwa, ndipo msika udatalikira. Oumba njerwa adasowa dothi ndi ogula. Mu Januwale 2012 anthu mazana angapo adakakhala pa njanji kuti sitima ya malasha isadutse, mpaka apolisi adawabalalitsa. Sadapite kukatseka dzenje. Adadziwa pamene pali khosi la mgodi.

Njanji ya ku Beira idacepa, ndiye padamangidwa ina ya makilomita 912, yodutsa m'dziko la Malawi, pa Nkaya ndi pa Liwonde, kukafika ku doko la Nacala. Idatsegulidwa mwamwambo mu 2017. Patangopita zaka zowerengeka, Vale idalengeza kuti ikusiya malonda a malasha, ponena za kusintha kwa nyengo kumene utsi wa malasha umabweretsa pa dziko lonse. Mu 2022 idagulitsa zonse kwa kampani ya Vulcan, ya eni ake a ku India, pa mtengo wa madola 270 miliyoni, mgodi pamodzi ndi njanji yake.