Manambala Onyenga: Mbiri ya Ntchito Yoyeza Liwiro la Madisiki

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri a makompyuta pa yunivesite ya California ku Berkeley anali ndi vuto lomwe linkawasowetsa mtendere. Akangokonza kumene disiki pa makina awo a Unix, inkatha kuwerenga makilobaiti 175 pa sekondi. Pakatha milungu yochepa anthu akuigwiritsa ntchito, liwirolo linkatsika mpaka makilobaiti 30. Disiki inali yomweyo, makina omwewo, ndipo panalibe chomwe chinathyoka. Marshall Kirk McKusick, William Joy, Samuel Leffler ndi Robert Fabry analemba manambalawa mu lipoti lawo la 1984, n'kufotokozanso gwero lake. Mafayilo akamalembedwa ndi kufufutidwa tsiku ndi tsiku, malo opanda kanthu ankamwazikana pa disiki yonse. Fayilo yatsopano inkagawika tizidutswa, kena apa kena uko, moti kamkono kowerengera kankathera nthawi paulendo wofunafuna tizidutswato.

Anayiwa anakonza dongosolo latsopano losungira mafayilo lotchedwa Fast File System, lomwe linatuluka mu 4.2BSD m'chaka cha 1983. Anakulitsa zigawo zolembamo kuchoka pa mabaiti 1,024 kufika pa 4,096 kapena kuposerapo, anaika pafupi zinthu zoyendera limodzi, n'kusiya gawo limodzi mwa magawo khumi a disiki lopanda kanthu mwadala. Liwiro linakwera, nthawi zina mpaka kakhumi. Koma manambala awiri aja anaulula chinthu chomwe chavutitsa oyeza liwiro kwa zaka zoposa 40. Kompyuta imapereka nambala kwa aliyense woifunsa, ndipo kawirikawiri nambalayo imakhala ya chinthu china, osati chomwe wofunsayo akuganiza kuti akuyeza.

Gwero la chisokonezochi ndi kapangidwe ka disiki. Yoyamba kugulitsidwa, IBM 350 ya 1956, inali ndi mbale 50 zozungulira, iliyonse mainchesi 24 m'mimba mwake, ndipo inkasunga zilembo pafupifupi 5 miliyoni. Zamasiku ano n'zazing'ono zokwana m'manja, koma zikadali mbale zozungulira ndi kamkono koyendayenda. Disiki yozungulira maulendo 7,200 pa mphindi imazungulira ka 120 pa sekondi. Ikamawerenga fayilo yaikulu yoyalidwa mondondozana imatha kufika mamegabaiti 200 pa sekondi, koma ikamatola tizidutswa tomwazikana imakwanitsa maulendo pafupifupi 100 okha pa sekondi. Komanso mizere yakunja kwa mbale imawerengeka mwachangu kuposa yamkati. Choncho wonena kuti disiki yake ndi yothamanga amayenera kunenanso kuti ikugwira ntchito yanji.

Ena mwa oyamba kukonza mayeso omwe anafala anali a yunivesite ya Carnegie Mellon ku Pittsburgh. Mu 1988 John Howard ndi anzake anafalitsa mayeso otchedwa Andrew, omwe ankatsanzira ntchito ya munthu wolemba mapulogalamu: kupanga mafoda, kukopera mafayilo, kuwaunguza, kuwawerenga onse, kenako kumanga pulogalamu kuchokera m'mafayilowo. Mafayilo ake analipo pafupifupi 70, onse pamodzi makilobaiti ngati 200. Pa nthawiyo zinali zokwanira. Koma RAM, malo omwe kompyuta imasungamo zinthu mongoyembekezera ikamagwira ntchito, inkakula chaka ndi chaka, ndipo makina amasunga m'menemo chilichonse chomwe angowerenga kumene. Posakhalitsa mafayilo onse a Andrew ankakwanamo mu RAM, disiki n'kumangokhala phee. Ofufuza anapitirizabe kufalitsa manambala a mayesowa kwa zaka zambiri, pomwe kwenikweni ankayeza mphamvu ya purosesa.

Cha m'ma 1990, Tim Bray, yemwe anagwirapo ntchito yoika dikishonale yaikulu ya Oxford pa kompyuta ku yunivesite ya Waterloo ku Canada, analemba kapulogalamu kotchedwa Bonnie. Iko kankalemba fayilo imodzi yaikulu, kuiwerenga, kuilembanso, kenako kudumphadumpha m'kati mwake. Ukapanda kukauza kukula kwa fayilo, kankasankha mamegabaiti 100, nambala yomwe inali yaikulu pa nthawiyo koma RAM inaipitirira pasanathe zaka zambiri. Russell Coker wa ku Australia atakalembanso n'kukatcha Bonnie++, anaikamo lamulo lomwe oyang'anira maseva amalidziwa pamtima mpaka lero: fayilo yoyezera ikhale yaikulu kuwirikiza kawiri RAM ya makinawo. Mu 1997 Jeffrey Katcher wa kampani ya Network Appliance anatulutsa PostMark, yotsanzira seva ya maimelo yodzaza timafayilo ting'onoting'ono. Nayonso inagwa m'mbuna yomweyo, chifukwa ambiri ankaiyendetsa ndi mafayilo 500 omwe inabwera nawo, ndipo mayeso ankatha disiki isanagwire ntchito yeniyeni.

Chaka chomwecho cha 1997, Keith Smith ndi Margo Seltzer a ku Harvard anadzudzula chizolowezi choyeza madisiki opanda kanthu. Anasonyeza njira yoyamba kaye kukalambitsa disiki mwadala, polemba ndi kufufuta mafayilo monga zimachitikira kwa miyezi yambiri, mayeso asanayambe. Ochepa okha anatsatira, poti njirayo imadya nthawi.

Apo n'kuti maseva atasiya kale kudalira disiki imodzi. Mu 1988 David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku Berkeley anafotokoza RAID, njira yophatikiza madisiki ambiri otsika mtengo kuti agwire ntchito ngati imodzi, ina ikafa deta osatayika. Kenako mu 2001 Jeff Bonwick ndi Matt Ahrens a kampani ya Sun Microsystems anayamba kulemba dongosolo losungira mafayilo lotchedwa ZFS, lomwe linatuluka mu OpenSolaris mu Novembala 2005 ndi mu Solaris 10 m'chaka cha 2006. ZFS inathetsa zodula disiki m'magawo okhazikika. Madisiki amasonkhanitsidwa m'gulu limodzi lotchedwa pool, ndipo aliyense wofuna malo amatapa m'menemo. Seva imodzi imatha kukhala ndi ma pool angapo, ina ya ma SSD (madisiki opanda mbale zozungulira) yosungira database, ina ya madisiki akuluakulu yosungira zakale. Oyang'anira maseva anasangalala nazo. Oyeza liwiro anapeza kuti mbuna zachuluka.

Mbuna yoyamba ndi ARC, gawo la RAM lomwe ZFS imasungamo zowerengedwa kawirikawiri, lochokera pa nzeru yomwe Nimrod Megiddo ndi Dharmendra Modha a ku IBM anafalitsa mu 2003. Kwa zaka zambiri pa Linux, ARC inkaloledwa kutenga mpaka theka la RAM. Pa seva ya magigabaiti 128, fayilo yoyezera ya magigabaiti 10 imangolowa yonse mu ARC, n'kutulutsa liwiro lomwe palibe disiki yozungulira ingalifike. Ndipo ARC ndi imodzi pa makina onse. Woyeza akayamba ndi pool yoyamba kenako yachiwiri, zotsalira za mayeso oyamba zimakhala zikadali momwemo, ndipo ntchito yolemera pa pool ina imakankhira kunja zomwe pool inzake inasunga. Manambala amasintha malinga ndi yomwe wayamba kuyeza.

Yachiwiri ndi ya lamulo lakale la dd, lomwe ambiri amathamangira kulemba nalo maziro ochokera ku /dev/zero. Ngati pool yatsegulidwa kuti izipanikiza deta, ZFS imaona kuti ndi maziro okhaokha, n'kungolemba chizindikiro choti pamenepa palibe kanthu. Woyeza amaona magigabaiti ambirimbiri pa sekondi pomwe madisiki sanalandire pafupifupi chilichonse. Palinso nkhani ya nthawi. ZFS imasonkhanitsa zolembedwa mu RAM n'kuzitsitsira pa disiki pakapita masekondi pafupifupi 5, choncho mayeso a masekondi atatu amatha disiki isanamve n'komwe.

Kamangidwe ka pool nako kamasiyanitsa zinthu. Madisiki 12 omangidwa ngati gulu limodzi la RAID-Z amathamanga pa mafayilo akuluakulu, koma pa tizidutswa tomwazikana amafanana ndi disiki imodzi yokha, chifukwa kuwerenga chigawo chimodzi kumakhudza madisiki ambiri a m'gululo. Madisiki 12 omwewo akamangidwa awiriawiri okoperana amayankha mafunso ambiri nthawi imodzi. ZFS imalembanso m'zigawo zofika makilobaiti 128 ngati sunaiuze zina, moti database yosintha makilobaiti 8 imachititsa kuti chigawo chonse chiwerengedwe ndi kulembedwanso. Cha m'ma 2010 kunabwera madisiki a zigawo za mabaiti 4,096 omwe ankauza kompyuta kuti zigawo zawo ndi za 512 pofuna kugwirizana ndi makina akale. Pool yomangidwa pokhulupirira bodzalo inkachedwa polemba, ndipo nambala ya kukula kwa zigawozo yotchedwa ashift, yomwe inalakwikayo, sinkasinthika popanda kumanganso gululo. Akapeza pool ina ikuchedwa kuposa inzake ya madisiki ofanana, akatswiri anaphunzira kuyamba kufunsa za ashift, kenako za kudzaza kwake, poti ZFS silemba pamwamba pa deta yakale ndipo imavutika kupeza malo otambasuka ikadzaza. Ambiri amayesetsa kuti pool isapitirire 80 peresenti.

Mbuna yovuta kuiona ndi ya njira. Ma pool awiri akhoza kukhala ndi madisiki osiyana koma onse n'kumadutsa pa khadi limodzi ndi chingwe chimodzi, ngati midzi iwiri yotunga pa mjigo umodzi. Chingwe cha SAS cha mizere inayi ya magigabiti 6 chimanyamula mamegabaiti pafupifupi 2,400 pa sekondi. Madisiki 24 othamanga mamegabaiti 200 iliyonse angafune 4,800. Pool iliyonse ikayezedwa payokha imaoneka bwino, koma zikayezedwa pamodzi zonse zimatsika. Ndipo ngati pool inayo ili pa scrub, ntchito yowerenga deta yonse pofufuza zowonongeka, yomwe ikuyezedwayo imaoneka yodwala pomwe ili bwinobwino. Woyezera kudzera pa netiweki ya gigabiti imodzi sangaone zoposa mamegabaiti 125 pa sekondi, kaya madisiki ndi amphamvu chotani.

Mu 2008 Avishay Traeger, Erez Zadok, Nikolai Joukov ndi Charles Wright anaunika mayeso 415 ochokera m'malipoti 106 a ofufuza a pakati pa 1999 ndi 2007. Anapeza kuti ambiri sankafotokoza mokwanira mmene makina anakonzedwera, mayeso anabwerezedwa kangati, kapena ngati RAM inali itayamba yatsukidwa. Awa anali malipoti a m'misonkhano yolemekezeka, olembedwa ndi akadaulo.

Kumapeto kwa chaka chomwecho, Brendan Gregg, injiniya wa ku Australia yemwe ankagwira ntchito ku Sun, anajambulidwa kanema m'chipinda cha maseva. Anayandikitsa pakamwa pa bokosi lodzaza madisiki n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse. Pa sikirini, yomwe inkalandira manambala kuchokera ku chida cha DTrace, mzere wosonyeza kuchedwa kwa madisikiwo unadumpha nthawi yomweyo, chifukwa kunjenjemera kwa mawu ake kunkasokoneza timikono towerengera. Anthu ambiri anaseka, koma kanemayo inaonetsa njira yomwe Gregg anadzailimbikitsa m'buku lake la Systems Performance la 2013: kusiya mayeso akuyenda nthawi yaitali, woyeza n'kumayang'ana ndi zida zina chomwe chikutchinga. Pa ZFS ndiye kutsegula chida cha zpool iostat kuti aone disiki iliyonse payokha, kuona kuchuluka kwa zomwe ARC ikuyankha yokha, ndi kuona ngati purosesa yadzaza. Nthawi zambiri disiki imodzi yoyamba kufooka ndi yomwe imachedwetsa gulu lonse.

Chida chomwe chinagwirizana ndi njirayi ndi fio, chomwe Jens Axboe wa ku Denmark, wosamalira gawo la madisiki mu Linux, analemba cha m'ma 2005 atatopa ndi kulemba kapulogalamu katsopano pa vuto lililonse. Mu fio woyeza amafotokoza yekha ntchito yomwe akufuna kutsanzira: kukula kwa zigawo, kuchuluka kwa zowerenga ndi zolemba, ogwira ntchito angati nthawi imodzi, ndiponso kwa mphindi zingati.

Ngakhale zinali choncho, madisiki anapeza njira ina yobisalira. Mu Epulo 2020 kampani ya Western Digital inavomera kuti madisiki ena a WD Red a materabaiti 2 mpaka 6 ankagwiritsa ntchito SMR, njira yolemba mizere mosanjikizana. Madisikiwa ali ndi kagawo kolandirira zolembedwa mwachangu, moti mayeso afupiafupi ankatuluka bwino. Vuto linkaonekera disiki ina ikafa, ZFS n'kuyamba kudzaza yatsopano. Ntchito ya maola inkatha masiku, ndipo madisiki ena ankachotsedwa m'gulu ngati akufa. Kampaniyo inadzasiyanitsa mitunduyi potulutsa dzina la Red Plus.

Oracle itagula Sun mu 2010, ntchito yokonza ZFS yotseguka kwa onse inapitirira kunja kwa kampaniyo, ndipo mu 2013 inatenga dzina la OpenZFS. Kwa zaka zonsezo woyeza akauza fio kuti ilambalale RAM n'kupita pa disiki mwachindunji, ZFS sinkatsatira, choncho akatswiri ankachita kuzimitsa okha kusunga deta mu ARC pa malo oyezerawo. Njira yolambalala ARC inabwera mu OpenZFS 2.3, yomwe inatuluka mu Januwale 2025, patapita zaka pafupifupi 20 ZFS itayamba kugwiritsidwa ntchito.