Timaluwa ta m'mphepete mwa tiyi ku Khonjeni

Chisoso, mwamunaaligone, khovani, bonongwe ndi denje ndi zomera zongomera zokha m'mphepete mwa minda ya tiyi, m'tinjira ndi m'mbali mwa njanji ku Khonjeni, m'boma la Thyolo. Zambiri n'zazifupi. Duwa la chisoso ndi loyera m'mbali, lachikasu pakati. La mwamunaaligone limafanana nalo koma ndi kachinthu kakang'onong'ono, koti munthu awerame kaye kuti akaone bwino. Khovani, amene amayanga pansi, amatulutsa duwa la mtundu wa thambo lomwe limatseguka m'mawa n'kufota dzuwa likakwera.

Si zonse zomwe n'zakuno. Chisoso ndi mwamunaaligone kwawo n'ku America, ndipo zinafalikira m'maiko ambiri pobisala m'mbewu, m'katundu ndi m'zovala za apaulendo. Zimakonda nthaka yotipulidwa, n'chifukwa chake zinachuluka pomwe nkhalango inagwetsedwa.

Ku Thyolo kugwetsako kunakula ndi minda ya azungu. Tiyi, yemwe anayamba kuyesedwa pa mishoni ya Blantyre, anafika ku Mulanje mu 1891 ndi Henry Brown, kenaka ku Thyolo mu 1908. Chaka chomwecho njanji ya Shire Highlands Railway, imene imadutsa pa Khonjeni, inafika ku Blantyre kuchokera kuchigwa cha Shire. Esiteti ya Satemwa inakhazikitsidwa ndi Maclean Kay mu 1923. Ambiri mwa ogwira ntchito anali Alhomwe ochokera ku Mozambique, omwe ankalipira malo okhala pogwira thangata, ndipo kupalira inali imodzi mwa ntchito zosatha. Tiyi wamng'ono sapikisana ndi udzu, amafuna khasu pafupipafupi. Akakula, nthambi zake zimakumana n'kuphimba nthaka, ndipo tizomerati timathawira m'malire, m'ngalande ndi kuseri kwa nyumba za antchito.

Mwini esiteti ankaona udzu wolanda chakudya cha tiyi, pomwe banja lokhala ndi kamunda kosakwanira linkaona ndiwo zosagula. Amayi ankathyola nsonga zanthete maluwa asanachuluke, poti chisoso chikakhwima chimawawa. Chisoso ndi bonongwe ankazitendera ndi nsinjiro, denje ankaphika thelele pothira chidulo, ndipo zotsala ankazifutsa n'kuziyanika kuti mfutso udzathandize m'chilimwe. Ubwino wake waukulu unali nthawi: zimamera ndi mvula yoyamba, nkhokwe zitayamba kuchepa, nyemba ndi maungu zisanache. M'boma lomwe kusowa kwa malo kunabutsa chipolowe mu 1953, ndiwo zotere sizinali zonyozeka. Jessie Williamson, amene anagwira nawo kafukufuku wa zakudya m'dziko muno kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, anazilemba pamodzi ndi maina ake ndi kaphikidwe kake m'buku la Useful Plants of Nyasaland la mu 1955.

Mankhwala opha udzu anasintha zinthu. Paraquat anayamba kugulitsidwa padziko mu 1962, glyphosate mu 1974, ndipo m'minda yambiri ya tiyi kupopera kunachepetsa ntchito ya khasu. Pomwe papoperedwa, ndiwo sizithyoledwa. Komabe kuchokera mu 1967, pomwe boma linakhazikitsa bungwe la Smallholder Tea Authority, tiyi analowanso m'minda ya alimi ang'onoang'ono, momwe amakhala moyandikana ndi chimanga, nandolo ndi chinangwa, ndipo opalira amasiya dala bonongwe kapena denje pamzere. Nthawi ya dzinja ndiwozi zimagulitsidwa m'timilu m'misika ya ku Khonjeni ndi ku Luchenza, pomwe chisoso chosathyoledwa chimachita maluwa okopa njuchi, kenaka njere zakuda zomwe zimamatirira pa zitenje za othyola tiyi n'kukamera kwina.