Anagoneka tirigu ndani m'minda ya ku England?

Kummwera kwa England, makamaka m'chigawo cha Wiltshire, alimi akhala akukumana ndi zachilendo kwa zaka zoposa 40. Madzulo munda wa tirigu kapena balere umakhala uli bwinobwino. Kukacha, mlimi amapeza mbewu zagonekedwa pansi mozungulira, mwadongosolo, n'kupanga chithunzi chimene chimaoneka bwino munthu akakhala paphiri kapena m'ndege.

Nkhaniyi inayamba kumveka mu 1980, pamene nyuzipepala ya Wiltshire Times inalemba za mabwalo atatu amene anapezeka m'munda wina pafupi ndi Westbury. Akatswiri sanachedwe kufika. Terence Meaden, wodziwa zanyengo, ankati n'kamvuluvulu wamtundu wina amene amatsika n'kugoneka mbewu. Pat Delgado ndi Colin Andrews ankakhulupirira kuti pali mphamvu ina yanzeru imene munthu sakuidziwa, ndipo buku lawo la mu 1989, Circular Evidence, linayenda malonda kwambiri. Ena ankanena poyera kuti zolengedwa za kumapulaneti ena zikutilembera uthenga. Pofuna kusonyeza kuti izi n'zakalekale, ankatchula kapepala ka mu 1678 ka ku Hertfordshire, konena za mlimi amene akuti mdierekezi anamumwetera munda usiku. Koma m'kapepalamo mbewu zinachita kudulidwa, sizinagonekedwe.

Chaka cha 1990 ndiye zinafika pachimake. Ku Alton Barnes kunapezeka chithunzi chachitali cha mabwalo olumikizidwa ndi mizere, ndipo anthu anakhamukirako moti mlimi anayamba kulipiritsa polowa. Mwezi wa Julaye chaka chomwecho ofufuza anatchera makamera ku Bratton Castle kuti aone ndi maso awo mmene mabwalowa amapangikira. Tsiku lina m'mawa anapezadi mabwalo, Andrews n'kulengeza pa wailesi yakanema kuti chachikulu chachitika. Atalowa m'mundamo anapeza mitanda yamatabwa ndi zoseweretsa zimene owapusitsa anasiya dala.

Patangotha chaka, mu Seputembala 1991, nyuzipepala ya Today inatulutsa madoda awiri a ku Southampton, Doug Bower ndi Dave Chorley, onse a zaka za m'ma 60 ndipo onse okonda kujambula. Anaulula kuti ntchito yopanga mabwalowa anaiyamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, akumwa mowa pamalo otchedwa Percy Hobbs pafupi ndi Winchester. Bower anakhalako ku Australia, ndipo ankakumbukira nkhani ya mu 1966 ya ku Tully, m'chigawo cha Queensland, kumene mlimi wa nthochi anati anaona chombo chooneka ngati mbale chikunyamuka m'dambo n'kusiya bango litagona mozungulira. Awiriwa anagwirizana zopangitsa anthu kuganiza kuti chombo chotere chatera m'tirigu.

Zida zawo n'zimene zimachititsa manyazi aliyense amene ankati munthu sangathe: thabwa, chingwe ndi chipewa. Chingwe ankachimanga kunsonga zonse za thabwa, n'kuchigwira m'manja, phazi limodzi lili pathabwapo, kenako n'kumaponda mbewu pang'onopang'ono akuzungulira. Pachipewa Bower anamangirirapo kawaya kopinda, kamene ankasuzumiramo poyang'ana mtengo kapena nyumba yakutali kuti mzere usakhote. Zaka zoyamba ndi anthu ochepa okha amene anaona ntchito yawo, mpaka mu 1981 atasankha munda wam'chigwa ku Cheesefoot Head, umene aliyense wodutsa pamsewu ankauona. Atamva za kamvuluvulu wa Meaden, anayamba kuwonjezera mizere yowongoka, podziwa kuti kamvuluvulu sayenda choncho. Ngakhale mkazi wa Bower sankadziwa kanthu. Ataona kuti galimoto ikuyenda mitunda yambiri usiku, anayamba kumuganizira zachibwenzi, ndipo bamboyo anachita kumuululira kuti banja lisagwedezeke.

Asanatulutse nkhaniyo, atolankhani a Today anauza Bower ndi Chorley kuti apange chithunzi china m'munda wa ku Kent, kenako anaitana Delgado. Iye anachiyendera, nanena kuti sichinapangidwe ndi munthu. Mu 1992 Bower ndi Chorley anapatsidwa mphotho yanthabwala ya Ig Nobel.

Munthu akanayembekeza kuti mkangano wathera pomwepo, koma ayi. Okhulupirira anati madoda awiri sakanatha kupanga mabwalo onse, ndipo apa ananena zoona, chifukwa magulu ena anali atatengera kale luso. Ndi maguluwa amene anakuza ntchitoyi. Mu 1996 pafupi ndi Stonehenge panapezeka chithunzi cha mabwalo 151, ndipo mu 2001 ku Milk Hill kunapezeka cha mabwalo 409. Chaka chomwecho ku Chilbolton kunaoneka chithunzi chokhala ngati yankho la uthenga umene asayansi anatumiza mumlengalenga kuchokera ku Arecibo mu 1974. Akatswiri ojambula monga John Lundberg ndi Rod Dickinson anafika pomalandira ndalama kuchokera kumakampani kuti awagonekere zizindikiro zamalonda m'minda, mwini munda atalipidwa.

Malo amene zithunzizi zimapezeka nawonso amaulula mwini ntchito. Zimachuluka pafupi ndi misewu ndiponso malo okopa alendo monga Avebury ndi Silbury Hill, ndipo zimakonda minda yokhala ndi njira za thirakitala, mmene munthu angadutse osasiya mapazi. Zinayamba zosavuta, n'kumakula luso chaka ndi chaka, monga mmene dzanja la mmisiri limakhwimira.

Pamkangano wonsewu, amene satchulidwa kawirikawiri ndi mlimi. Mbewu yogonekedwa imavuta kukolola, ndipo alendo obwera kudzaona amapondereza yotsalayo. Alimi ena amati akangopeza chithunzi m'mawa, amachimweta nthawi yomweyo kuti anthu asabwere. N'kulakwa kutcha zimenezi nthabwala chabe pamene wina wataya zokolola zimene anazivutikira nyengo yonse. Lamulo la ku England limati kuchita izi popanda chilolezo n'kuwononga katundu wa mwini, ndipo mu 2000 khoti linalipiritsa Matthew Williams mapaundi 100 chifukwa cha chithunzi chimene anapanga m'munda wina ku Wiltshire.