Kukhulupirika

Kukhulupirika ndi khalidwe la munthu amene zochita zake zimagwirizana ndi mawu ake, ngakhale pamene palibe womuona. Ndi mbali imodzi ya umunthu, womwe Achewa amayezera munthu potengera mmene amakhalira ndi anzake. Makhalidwe abwino amaphunziridwa kubanja, kuchinamwali ndi kumpingo, pomwe malamulo a ntchito amachita kulembedwa, monga a madokotala ndi aphunzitsi. Kukhulupirika ndiko kusunga zimenezi ngakhale pamene kuzisunga kukuluzitsa.

Mawuwa amatanthauzanso kukhala kumbali ya mtsogoleri. Mu ulamuliro wa Hastings Kamuzu Banda, kukhulupirika kunali imodzi mwa ngodya zinayi za dziko, pamodzi ndi umodzi, kumvera ndi kusunga mwambo. Matanthauzo awiriwa nthawi zina ankatsutsana, chifukwa wonena zoona zosakomera boma ankatengedwa ngati woukira. Banda yemweyo ndiye adatsegula sukulu ya Kamuzu Academy ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, mu 1981.

M'dera la Mtunthama khalidweli limaonekera kwambiri pa ulimi wa fodya. Mlimi akhoza kubisa fodya woipa kapena zinyalala pakati pa belo, koma zikadziwika kumsika, monga wa Chinkhoma, belolo limabwezedwa ndipo ogula amayamba kukayikira ndi alimi osalakwa omwe. Matenanti nawo ankalima chaka chonse podalira lonjezo la mwini esiteti, amene ankayeza fodya yekha n'kudula ngongole ya chakudya. Ambiri ankabwerera kwawo chimanjamanja. Lamulo la mu 2021 lidathetsa utenanti m'Malawi.