Mfuti Zinalira pa Luanshya ndi pa Nkana

Anthu ambiri amene agwira nchito m'migodi masiku ano adziwa kuti wanchito ali ndi bungwe lomlankhulira pamene asiyana mau ndi abwana ace. Koma njira imeneyi sinabwere yokha. Inatseguka pambuyo pa imfa za anthu, poyamba pa Luanshya m'caka ca 1935, ndipo kaciwiri pa Nkana m'caka ca 1940.

Nkhani inayamba ndi msonkho. M'mwezi wa May 1935 Boma la Northern Rhodesia linasintha malamulo a msonkho. Anthu a kumidzi yakutali anawacepetsera, koma a ku Migodi anawakwezera kucokera pa 12s. 6d. kufika pa 15s. pa caka. Ndalama imeneyi inali yolemera, pakuti malipiro anali atatsika m'zaka za mabvuto a cuma zimene zinayamba mu 1931, pamene migodi ina inatsekedwa. Cinanso cimene cinawawa anthu ndico kalengezedwe kace. Pa Mufulira apolisi a mgodi anangoyenda m'komboni nafuula kuti msonkho wakwera, popanda wina wofotokoza cifukwa cace.

Anchito a pa Mufulira ndiwo anayamba kukana nchito, ndipo a pa Nkana anatsatira. Mau anayenda msanga ndi makalata olembedwa m'Cibemba, ndiponso ndi anthu a gule wa Mbeni amene anali ndi magulu ao pa mgodi uliwonse. M'malo awiriwa sitalaka inatha popanda kutaya moyo. Koma pa mgodi wa Roan Antelope, ku Luanshya, zinthu zinayenda mwina. Pa 29 May khamu lalikuru linasonkhana pa ofesi ya komboni. Apolisi anayesa kulibalalitsa ndi ndodo, ndipo ici cinangoonjezera mkwiyo. Miyala inayamba kugwa pa ofesi. Akuluakulu a mitundu, amene kampani inawaika mu 1931 kuti akhale pakamwa pa anchito, anathawira m'kati mwa ofesi momwemo, pakuti anthu ao anawayesa a mbali ya abwana. Apolisi, poona kuti azingidwa, anatenga mfuti naombera. Anthu 6 anafa, ndipo ena ambiri analasidwa.

Mbiri ya tsikulo inafika kutali, koma inafika itabvala maonekedwe ena. Pakati pa Azungu, ndi m'manyuzipepala ao, panamveka kwambiri za cipolowe ndi za anthu osokoneza anzao. Ena anati mlandu ngwa Abemba, ena anati ngwa mabuku a Watch Tower. Za msonkho, za malipiro ndi za cakudya ca m'komboni zinamveka pang'ono. Bwanamkubwa, Sir Hubert Young, anaika bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi Sir Alison Russell. Bungwelo linapeza kuti cimene cinabutsa sitalaka ndico kulengeza msonkho modzidzimutsa, linatinso Boma linatalikira anthu a m'makomboni ndi kuwasiya m'manja mwa makampani. Komabe linabvomerezanso kuti mabuku a Watch Tower anaipitsa mitima ya anthu. Boma linaletsa ena mwa mabukuwo, ndipo mu 1936 linayamba nyuzipepala yace ya Mutende, yolembedwa m'Cingerezi ndi m'zinenero za dziko, Cinyanja pamodzi. Motero anakonza zowerenga za anthu, koma dandaulo la malipiro linakhala pomwepo.

Cilonda cosatsukidwa cinaphulikanso patapita zaka zisanu. M'mwezi wa March 1940, nkhondo yaikuru iri m'kati, anchito Acizungu anacita sitalaka pa Mufulira ndi pa Nkana, ndipo anapatsidwa zambiri za zimene anafuna. Anchito Aciafrika ataona ici anafunsanso malipiro okwera. Makampani anati adzaonjezera 2s. 6d. pa tikiti ya masiku 30, ndipo anthu anakana. Pa Mufulira anchito anadzisankhira amuna 17 owatsogolera, ndipo amunawa anasunga bata kufikira mapeto. Pa Nkana panalibe atsogoleri omveka cotere. Pa 3 April, pamene ena amene sanaleke nchito anaima pa mzere kulandira malipiro, khamu linawadzera. Apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, anthu anabwezera ndi miyala, ndipo asilikari a Northern Rhodesia Regiment anaombera. Onse amene anafa anakwana 17, ndipo olasidwa anapitirira 60.

Kusiyana kwa Mufulira ndi Nkana kunaphunzitsa cinthu cimene mfuti sizikanaphunzitsa. Pamene khamu linali ndi atsogoleri amene ilo lomwe linawakhulupirira, panali wolankhula naye, ndipo mwazi sunakhetsedwe. Bungwe lina lofufuza, la Sir John Forster, linapempha kuti malipiro ndi makhalidwe a anchito akonzedwe. Mu 1947 Boma la Britain linatumiza William Comrie kudzathandiza Aafrika kupanga mabungwe a anchito, ndipo mu 1949 mabungwe a pa migodi anaphatikizana nakhala African Mineworkers' Union, mtsogoleri wace Lawrence Katilungu. Mu 1952 bungweli linacita sitalaka ya masabata atatu mwamtendere, ndipo pambuyo pace malipiro anakwezedwa ndithu.

Koma dzanja lolemera la Boma silinathe pomwepo. M'mwezi wa September 1956, zitacitika sitalaka zambiri zotsatizana, Boma linalengeza kuti ku Migodi kuli nthawi ya ngozi. Atsogoleri ambiri a bungwe anagwidwa popanda kuimbidwa mlandu m'bwalo, ndipo ena anapitikitsidwira kumidzi, osaloledwa kubwerera ku Migodi. Cilango cotere sicinali ndi woweruza amene anamva mbali zonse, ndiponso sicinafune kubwezera munthu pa nchito yace ndi pakati pa anzace. Cinangomcotsa pamaso. Ndipo sicinazime moto, pakuti patapita zaka zisanu ndi zitatu, pa 24 October 1964, dziko linalandira ufulu nikhala Zambia.

Mbiri imeneyi isiya mafunso amene dziko liri lonse liyenera kuyankha. Kodi wapolisi waphunzitsidwa kubalalitsa khamu popanda kupha? Kodi munthu wogwidwa aonekera pamaso pa woweruza? Kodi wolemba nkhani afunsa cimene cinakwiyitsa anthu, kapena angowerenga miyala imene inaponyedwa? Anthu 23 amene anagwa pa Luanshya ndi pa Nkana anafa m'masiku amene mafunsowa analibe wowayankha, ndipo ana a ku Migodi ayenera kudziwa cimene makolo ao anadzera pa ofesi ya komboni masiku amenewo.