Chaka cha 1889: Mbendera Ziwiri pa Mtsinje wa Shire

Munthu akaima pa Chiromo, pomwe mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, amaona maiko awiri nthawi imodzi. Tsidya lino ndi Malaŵi, tsidya linalo ndi Mozambique, chonsecho anthu a mbali zonse ziwiri amakwatirana ndiponso amalirana maliro. Kodi malire amenewa anadza bwanji? Gwero lake lili m'zochitika za chaka chimodzi, chaka cha 1889.

Masiku amenewo Amang'anja a kumtunda kwa Ruo ankalamulidwa ndi Amakololo, anthu amene anabwera ndi Dr David Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi, natsalira m'chigwa iye atachoka mu 1864. Anali ochepa, koma anali ndi mfuti. Mfumu Chipatula inaphedwa ndi mzungu wina, George Fenwick, mu 1884, ndipo Kasisi atamwalira, otchuka amene anatsala anali Mlauli, Masea, Katunga ndi Mulilima.

Shire ndiye anali msewu waukulu wolowera m'dziko. Sitima za kampani ya Mandala zinkakocheza pa Katunga, kumene amtengatenga ankasenza katundu kukwera naye ku Blantyre. Apwitikizi ankati mtsinjewo ndi wao, poti anali atakhala ku Sena ndi ku Tete zaka zoposa 300. Koma amishoni a ku Scotland, amene anakhazikika ku Blantyre mu 1876, sankafuna n'kumva komwe za ulamuliro wa Apwitikizi.

Kumayambiriro kwa 1889 Daniel Rankin anaulula kuti sitima za panyanja zingathe kulowa mu Zambezi kudzera pa Chinde, osapempha njira ku Quelimane. Mu Julayi kazembe wa Angerezi, Harry Johnston, analowera pomwepo pa sitima yankhondo yotchedwa Stork. Pokwera Shire anapeza Major Serpa Pinto ali ndi asilikali mazanamazana, namuchenjeza kuti asaoloke Ruo. Pa 21 Seputembala John Buchanan, amene ankagwirizira ukazembe, analengeza kuti dziko la Amakololo ndi mapiri a Shire zili m'chitetezo cha Mfumukazi Victoria. Mafumu anapatsidwa mbendera za Angerezi.

Kwa mafumuwo mbendera inali chizindikiro cha ubwenzi, ndipo bwenzi limathandiza pa tsiku la nkhondo. Pa 8 Novembala ankhondo a Amakololo anathira nkhondo msasa wa Apwitikizi pa Mpatsa, atanyamula mbendera zija patsogolo. Mfuti za chiwaya zinawagwetsa ambiri, mbendera ziwiri zinalandidwa, ndipo panalibe msilikali wa Mfumukazi ngakhale mmodzi wowathandiza. Pambuyo pake João de Azevedo Coutinho analanda Chiromo, nakwera mpaka pa Katunga. Pamene chaka chinkatha, chigwa chinali m'manja mwa Apwitikizi.

Afalansa nawo anakodwa m'mkangano umenewu. Mu Juni Kadinala Charles Lavigerie anapangana ndi boma la Portugal kuti ansembe ake, a White Fathers, akatsegule mishoni kwa Mponda, kum'mwera kwa nyanja ya Malaŵi. Ansembewo ankafuna kulalikira, koma Apwitikizi ankafuna umboni wakuti dzikolo ndi lao. Anafika kwa Mponda kumapeto kwa Disembala, ndipo zinthu zitatembenuka anachokako mu 1891. Ansembe Achifalansa anadzabweranso mu 1901, pamene a Montfort anayamba ntchito ku Nzama.

Chimene chinatembenuza zinthu sichinachitikire pa Shire ai, koma ku Ulaya. Mbiri ya mbendera zolandidwa itamveka ku London, nduna yaikulu Lord Salisbury inalamula Apwitikizi pa 11 Januwale 1890 kuti achotse asilikali ao msanga. Portugal inalibe mphamvu yolimbana ndi sitima zankhondo za Britain, choncho inagonja. Anthu a ku Lisbon anapsa mtima kwambiri, ndipo nyimbo imene inapekedwa chaka chomwecho chifukwa cha manyazi amenewa, A Portuguesa, ndiyo nyimbo ya fuko lao lero.

Pangano la pa 11 Juni 1891 linaika malire pa Ruo ndi pa Shire. Dera la kuzambwe kwa mtsinje, kumene kuli Nsanje, linagwera kwa Angerezi, amene anamangako doko la Port Herald. Pokambirana zonsezi panalibe Mmang'anja, Msena kapena Mkololo amene anafunsidwa maganizo.

Mafumu amene analandira mbendera anapulumukadi kwa Apwitikizi, koma chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Johnston atakhala bwanamkubwa mu 1891, sipanapite nthawi msonkho unayamba, ndipo mphamvu za mafumu zinapita kwa atsamunda a pa boma. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame a 1889 anakhala zaka 75, kufikira ufulu wa pa 6 Julayi 1964, ndipo malire amene anasiya alipobe pa Ruo.