Osamala Maiwe a ku Joni

Pamene eni chuma a mu Johannesburg anayamba kukumba maiwe osambiramo kuseri kwa nyumba zawo, panabadwa ntchito imene makolo athu sanaidziwe, yonyozeka pamaso pa anthu, koma yofuna nzeru ndithu. Pakuti m'dziko lotentha, mvula ya mabingu ikangogwa, ndere sizichedwa kumera, ndipo dziwe limene linali loyera dzulo kumacha litabiriwira. Motero wantchito wa m'maluwa, amene nthawi zina anali mlendo wochokera kwathu kuno, ankavuula masamba ndi kaukonde, nakwecha zipupa, natsuka mchenga wa m'sefa, nathira klorini mwa muyeso wake, popeza dzuwa limatha msanga mphamvu ya mankhwalawo.

M'chaka cha 1974, chomwecho chimene Kamuzu analetsa bungwe la Wenela kulemba anthu opita ku migodi, ndege yake itagwa ku Francistown, Ferdinand Chauvier, amene anachokera ku Congo, anapanga ku Springs makina otsuka dziwe okwawa pansi pa madzi, otchedwa Kreepy Krauly. Makinawo anachepetsa thukuta, komatu kuyeza madzi ndi kukonza pampu kunatsalirabe munthu. Ndipo amisiri oyendera nyumba ndi nyumba akudyerabe ntchitoyi kufikira lero lino.